Wilu Siifa Pamodzi ndi Woiyendetsa

Pa maliro ambiri amene tafikapo m'maparishi athu, kulira kukangoleka pamabuka funso limodzi: "Nanga katundu?" Kwa zaka zambiri takhala tikulimbikitsana kulemba wilu, ndipo ena anamvera. Koma pali vuto lina limene sitilikamba kawirikawiri.

Tiyerekeze kuti bambo analemba wilu bwino lomwe, nasankha mng'ono wake kuti ndiye adzagawe cuma. Papita zaka 15. Pamene bamboyo amwalira, mng'ono uja anatsogola kale kumanda, kapena ali gone ndi matenda, kapenanso anasamukira kunja kwa dziko. Pa msonkhano wa banja wina aimirira nati: "Popeza wosankhidwayo palibe, pepalali latha mphamvu. Tiyeni tigawane mwa mwambo wathu." Mai wamasiye angowerama, ana nayang'ana pansi.

Mau otere ndi osokeretsa. Wilu ndi cifuniro ca mwini cuma. Woiyendetsa, amene a zamalamulo amamucha executor, ndi mtumiki cabe, ndipo mtumiki akalephera, cifuniro ca womutuma cimakhalabe.

Zimene lamulo linena

Mu 1989 Nyumba ya Malamulo ya Zambia inakhazikitsa malamulo awiri. Loyamba, Intestate Succession Act, likhudza womwalira wosasiya wilu: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene malemuyo anali kuwasunga. Laciwiri, Wills and Administration of Testate Estates Act, likhudza amene anasiya wilu. Ngati wilu inalembedwa moyenera, lamulo laciwirili ndilo litsatidwa, ngakhale woiyendetsa atamwalira. Nkhani za wilu zimapita ku High Court, osati ku Local Court kumene ambiri tinazolowera kukasankhitsa adiministireta.

Njira zake nazi

Coyamba: ngati wilu inachula anthu awiri ndipo mmodzi wamwalira, wotsalayo apitiriza nchito. Ngati palibe wotsala, mmodzi mwa olandira cuma, monga mai wamasiye kapena mwana wamkulu msinkhu, angapemphe khoti makalata ochedwa letters of administration with will annexed. Wolandira makalatawa sagawa mwa nzeru zake, koma atsata zolembedwa m'wilu muja.

Caciwiri: ngati wosankhidwayo ali moyo koma aona kuti sangakwanitse, angathe kukana udindowo mwa kalata, makamaka asanayambe kugwira katundu. Palibe camanyazi pamenepa. Akangokhala cete miyezi ndi kumapita, olandira cuma angapemphe khoti kuti limuitane, avomere kapena akane.

Cacitatu: ngati anayamba kale nchito, kenaka namwalira, nasokonezeka mutu, kapena nayamba kudya cuma ca ana, khoti lili ndi mphamvu yofafaniza makalata ake ndi kuika wina womaliza zotsala. Ndalama ndi mapepala a nyumba amene anali m'manja mwake sasanduka colowa ca ana ake ai.

Banja likalephera kumvana, kapena pakasowa munthu woyenera, ofesi ya Administrator General, ya mu Unduna wa Zacilungamo, ingathe kuyendetsa cumaco.

Popita kukhoti tinyamule wilu yeniyeniyo, satifiketi ya imfa ya mwini wilu, umboni wa imfa kapena wa matenda a woiyendetsa, ndi mndandanda wa katundu ndi nkhongole. Podikira yankho, wina asagulitse nyumba, ng'ombe kapena galimoto. Osauka asaope mtengo wa loya: kuli Legal Aid Board, ndiponso National Legal Aid Clinic for Women imene yathandiza amai ndi ana kuyambira 1990.

Udindo wathu ngati Akhristu

M'buku la Tobiti tiwerenga za siliva amene Tobiti anasungitsa kwa Gabaeli ku Mediya, nalemberana kalata ya umboni. Patapita zaka 20, Tobiti ali wakhungu, anauza mwana wake Tobiya za cumaco ndi za kalatayo, ndipo matumba anabwera zomatira zake zili zosamatula. Cuma cinafika kwa mwini cifukwa panali colembedwa, panali munthu wokhulupirika, ndipo mwana anauzidwa nthawi ikalipo.

Ife amene tinalemba kale wilu, tiitulutse m'bokosi mwezi uno ndi kudzifunsa: kodi amene tinamusankha akali moyo? Akali ndi mphamvu? Tichule anthu awiri, mmodzi akhale wocepako msinkhu kuposa ife. Tiyambe tawapempha, ndipo tiwauze kumene wiluyo isungidwa. Tikafuna kusintha dzina, tisakhwace ndi bolopeni. Cosinthaco cisainidwe pamaso pa mboni ziwiri monga poyamba.

Nayo Miphakati yathu isathere pa kuphika ndi kuimba usiku wa maliro. Pakhale awiri kapena atatu, pamodzi ndi a gulu la Cilungamo ndi Mtendere, okhala pambali pa wamasiye pa msonkhano wa banja ndi omuperekeza mpaka pakhomo la khoti.