Banja likatha ku Joni, mwana amagona kuti?

Loweruka lina pa mwezi ndimakhala pa tebulo m'kachipinda ka tchalitchi china kuno ku Orange Farm, chakufupi ndi siteshoni ya Stretford, kumvetsera madandaulo a anthu akwathu. Ndine loya, ndipo milandu imene ndimadya nayo nsima ndi ya m'banja. Funso limene ndalimva mpaka kuliloweza ndi ili: "A Loya, tandiuzeni zoona, mwanayu ndi wa ndani?"

Wofunsayo amakhala ali nalo kale yankho m'thumba. Mayi wa ku Dedza kapena ku Mangochi amadziwa kuti kwawo mwana ndi wa mbumba ya mayi, mwinimbumba ndi malume, ndipo mkamwini banja likatha amapinda bulangete lake n'kubwerera kwawo yekha. Bambo wa ku Mzimba nayenso sakayika: ng'ombe za lobola zinapita, ana ndi ake. Ndiye pali mnyamata wa ku Machinga amene anabereka mwana kwa mtsikana wa ku Drieziek, apongozi ake n'kumuuza kuti sadzamuona mwanayo mpaka atalipira inhlawulo, chindapusa cha mimba chimene Azulu amalipiritsa. Onse atatu ndimawakhumudwitsa mofanana. Khothi la dziko lino funso limeneli siliyankha, chifukwa silimuona mwana ngati chinthu chokhala ndi mwini.

Lamulo limene timagwiritsa ntchito ndi Children's Act, nambala 38 la 2005, lomwe linayamba kugwira ntchito lonse pa 1 Epulo 2010. Linataya mawu akale aja oti custody, amene ankamveka ngati chikho cha mpira, wina wapambana wina waluza. M'malo mwake linauduladula ukholo m'ntchito zinayi: kukhala ndi mwana ndi kumusamala tsiku ndi tsiku, kuonana naye ndi kulankhula naye, kumusainira zinthu zikuluzikulu monga pasipoti, ndi kumulipirira zofunika pa moyo. Pa mafomu mudzapeza akuti care, contact, guardianship ndi maintenance. Banja likatha, khothi limagawa ntchito zimenezi, ndipo nthawi zambiri makolo onse awiri amatsala nazo zonse zinayi, kusiyana kwake n'kwakuti mwana amagona masiku ambiri kwa mmodzi. Pamwamba pa zonsezi pali gawo 28 la malamulo aakulu a South Africa, limene limati ubwino wa mwana ndiwo uyenera kutsogola pa nkhani iliyonse yomukhudza. Gawoli limanena za mwana aliyense. Silinena kuti nzika yokha, ndiye mwana wa Mmalawi wobadwira ku Extension 2 ali momwemo.

Mayi wobereka amakhala ndi ntchito zinayizi kuyambira tsiku lobadwa mwana, kaya ali pa banja kaya ayi. Bambo amene anakwatira mayiyo chimodzimodzi. Mkangano umakhala pa bambo amene sanakwatire, ndipo kuno ambiri mwa ife tinangolowana, popanda chinkhoswe, popanda satifiketi. Gawo 21 limati bambo wotere ali ndi udindo wonse ngati ankakhala ndi mayiyo monga banja pa nthawi imene mwana ankabadwa. Ngati sankakhala limodzi, khothi limayang'ana ngati anavomera kuti mwana ndi wake kapena analipira chindapusa cha mwambo, ngati anayesetsa kulera nawo mwanayo, ndiponso ngati ankathandiza ndi ndalama kwa nthawi yooneka. Choncho mnyamata wa ku Machinga uja ndimamuuza kuti apongozi awapatse ulemu wawo, inhlawulo alipire ngati angathe, poti mtendere umagulidwanso motero, koma chitseko cha kwa mwana wake sichitsekulidwa ndi chindapusa chokha. Dzina lake likhale pa satifiketi ya kubadwa, ndipo malisiti a matewera ndi mkaka asamataye. Kuyambira mu Seputembala 2021, khothi lalikulu loona za malamulo a dziko, pa mlandu umene linabweretsa bungwe la Centre for Child Law, linalola bambo wosakwatira kulembetsa mwana pa dzina lake ngakhale mayi palibe.

Abambo ambiri amafika atagonja kale: "Khothi limakondera azimayi, a Loya, ndingotaya ndalama." Kale zinalidi choncho, makamaka mwana akakhala wamng'ono. Koma kale mu 1996, pa mlandu wa Van der Linde, khothi lina lalikulu linanena kuti kulera mwana si ntchito ya mkazi yekha, ndipo maganizo amenewa ndi amene akuyenda mpaka lero. Gawo 7 lili ndi mndandanda wa zimene woweruza amayeza: ubale wa mwana ndi kholo lililonse, amene angathe kumusamala pa thupi ndi mu mtima, msinkhu wake, mmene kusamuka kungamusokonezere, kufunika koti asasiyane ndi abale ake ndi chikhalidwe chake, komanso ngati m'nyumbamo munali nkhanza. Chuma pachokha sichipambanitsa mlandu. Ndaonapo mwana akutsala kwa mayi wa m'mkhukhu wa malata pamene bambo ali ndi nyumba ya njerwa ndi galimoto, chifukwa chimene bamboyo anapatsidwa ndi udindo wolipira, osati mwana.

Zoona zake, ndipo apa abambo anzanga mundikhululukire, ambiri amaluza pa mafunso ang'onoang'ono. Aphunzitsi a mwana wanu dzina lawo ndani? Kabuku ka kusikelo kali kuti? Anadwala liti komaliza, ndipo anamutengera ku chipatala ndani? Bambo amene amayang'ana kudenga pa mafunso atatuwa wadziweruza yekha. Amene amayankha osaphethira ndaonapo akupatsidwa ana.

Mafunsowa amafunsidwa ku ofesi imene anthu ambiri saidziwa, ya Family Advocate. Inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, ili pansi pa unduna wa za chilungamo, ndipo thandizo lake ndi laulere. Ngakhale Family Advocate ndi loya, si loya wa mayi kapena wa bambo. Amakuitanani nonse awiri, amakhala ndi mlangizi wa za mabanja, ndipo mlangiziyo amacheza ndi mwana payekha malinga ndi msinkhu wake, chifukwa gawo 10 limapatsa mwana ufulu wonena maganizo ake. Kunena maganizo sikutanthauza kusankha. Mwana sauzidwa kuti aloze kholo limene akulifuna, ndipo kholo limene lamuphunzitsa zokanena limadziwika msanga, poti mwana wa zaka 6 salankhula mawu oti "bambo anga ndi osasamala" mwa iye yekha. Pamapeto pake ofesiyi imalemba lipoti. Woweruza sakakamizidwa kulitsata, koma amalilemekeza kwambiri. Kwa amene anamanga ukwati wa boma kapena wa mwambo wovomerezeka, khothi silithetsa ukwatiwo lisanakhutire ndi dongosolo la ana. Kwa amene anangolowana, palibe chisudzulo chokatenga, koma nkhani ya ana imapita ku khothi la ana, limene limapezeka pa khothi la majisitireti lililonse.

Chida chimene ndimachikonda koposa ndi pepala la mgwirizano wa makolo, limene lamulo limalitcha parenting plan. Mumalemba mothandizidwa ndi Family Advocate, social worker kapena mkhalapakati woyenera, kenako mumalilembetsa ku ofesi ija kapena khothi limalisandutsa chigamulo. Mgwirizano wabwino ndi wotopetsa kuwerenga. Umanena kuti mwana amagona kuti Lolemba mpaka Lachisanu, bambo amamutenga Loweruka liti, nthawi yanji, pa geti la nyumba kapena pa Eyethu Mall, ndalama ya takisi alipira ndani, foni ya WhatsApp ikhala nthawi yanji, Khirisimasi ya chaka chino kwa yani, ya chaka chamawa kwa yani, adzapita ku tchalitchi kapena ku mzikiti. Anthu amaseka ndikamafunsa zimenezi, amati tidzaona pomwepo. Chakudza sichiyimba ng'oma. Mawu oti "bambo azimuona mwana nthawi ina iliyonse" amakoma tsiku losaina, koma amawawa tsiku limene mayi wapeza mwamuna wina, kapena bambo wabweretsa mkazi watsopano kuchokera kumudzi.

Ankhoswe sindilimbana nawo. Kumene alipo, kapena akuluakulu a mpingo, kapena a bungwe la maliro la anthu a kwanu, abwere, chifukwa mawu awo amafika pamene kalata ya loya siifika. Chimene ndimapempha n'chakuti zimene agwirizana zilembedwe ndi kulembetsedwa. Khothi likazisandutsa chigamulo, kholo limene likukaniza mnzake kuona mwana mosemphana ndi mgwirizanowo lapalamula mlandu pansi pa gawo 35, ndipo chilango chake ndi chindapusa kapena ndende yosapitirira chaka chimodzi. Gawo lomweli limalamula kholo limene likukhala ndi mwana kudziwitsa mnzake mwa kalata likasamuka, nkhani yofunika kwa ife amene timasintha malo a lendi kawiri pa chaka.

"Salipira, ndiye asamuone." "Sandionetsa, ndiye sindilipira." Ziganizo ziwirizi ndi mapasa, ndipo zonse n'zolakwika. Ndalama za mwana zili ndi lamulo lake, Maintenance Act la 1998, ndi khothi lake, kumene sikufunika loya: mumadzaza fomu, mumabweretsa satifiketi ya mwana ndi mndandanda wa zimene mumagula pa mwezi. Makolo onse awiri amasonkha malinga ndi mapezedwe awo, ngakhale wamaganyu amawerengeredwa. Amene ali pa ntchito yokhazikika khothi likhoza kulamula abwana ake kudula ndalamazo pa malipiro. Udindowu sutha mwana akafika zaka 18, umatha akayamba kudziimira payekha. Koma mwana si lisiti, kuona kholo lake ndi ufulu wake, kaya ndalama yabwera kaya ayi.

Tsopano ndifike pa chimene chimandisowetsa tulo, chomwe ndi basi. Mu Disembala mabasi a ku Blantyre ndi Lilongwe amanyamuka pa Park Station atadzaza, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka pa Mwanza kapena pa Dedza. M'mabasi amenewa mumakhala ana ena amene akupita "kukaona agogo" ndipo Januwale ikafika sabwerera. Kutumiza mwana kumudzi pakokha si kulakwa. Ambiri timatero chifukwa kiresi ndi yodula, ntchito ya m'nyumba za mabwana kumpoto kwa mzinda imafuna kudzuka 4 koloko, ndipo agogo amalera bwino. Kulakwa n'kumutulutsa mnzako asakudziwa. Gawo 18 limati mwana satengeredwa pasipoti kapena kutulutsidwa m'dziko lino popanda chilolezo cha makolo onse amene ali ndi udindo womusainira, kapena chigamulo cha khothi. Chilolezocho ndi afidaviti imene mungalumbire pa polisi osalipira kanthu.

Vuto ndi lakuti mwana akangowoloka, manja anga amafupika. Pali pangano la maiko la ku Hague la 1980 lobwezera ana otengedwa mozemba, South Africa inalowamo mu 1997, ndipo Zimbabwe ndi Zambia alimo. Malawi mulibe, Mozambique mulibenso. Mwana akapititsidwa ku dziko limene limagwiritsa ntchito panganoli ndi South Africa, pali njira yoti ofesi ya Family Advocate ilembere anzawo a kumeneko. Akapititsidwa ku Namwera kapena ku Ekwendeni, chigamulo cha ku Johannesburg sichidziyendera chokha. Kholo lotsala liyenera kupita kumudzi kukayamba mlandu watsopano pansi pa Child Care, Protection and Justice Act ya 2010, mwina mothandizidwa ndi Legal Aid Bureau. Makhothi a kwathu nawonso amayang'ana ubwino wa mwana osati mwambo wokha, koma pofika tsiku la mlandu mwana amakhala atazolowera sukulu yatsopano ndi anzake atsopano, ndipo woweruza aliyense amazengereza kumuzulanso. Chodabwitsa n'chakuti ndalama zili ndi njira: Malawi ali pa mndandanda wa maiko amene South Africa imagwirizana nawo potsata zigamulo za ndalama za ana, ngakhale kuti makalata ake amayenda ngati nkhono.

Phunziro limeneli ndinalilipira ndekha. Nditangoyamba ntchito ndinalembera banja lina mgwirizano umene ndinkanyadira nawo, masamba asanu, chilichonse chilimo mpaka tsiku lokumbukira kubadwa. Ndinaiwala mzere umodzi: pasipoti ya mwana isungidwa ndi yani. Pofika Januwale bambo wa mwanayo anabwera ndi yunifolomu yatsopano m'jumbo, n'kundiuza kuti, "A Loya, nyumba ija mwalowa anthu ena." Kuyambira pamenepo mgwirizano uliwonse wotuluka m'manja mwanga umanena amene asunga pasipoti, masiku angati a chidziwitso ulendo usanachitike, mudzi ndi nambala ya foni ya kumene mwana akupita, ndi tsiku lobwerera. Ngati pali chifukwa chenicheni choopera kuti mnzanu athawitsa mwana, khothi lingathe kuletsa ulendowo mwachangu, koma basi isananyamuke.

Ndikudziwa chimene chimakuletsani ambiri kufika pa khomo la khothi: mapepala anatha, kapena simunakhale nawo n'komwe. Mantha amenewa si opanda pake, ndipo n'chifukwa chake ndimati muyambe mwaonana ndi loya, amene lamulo limamumanga kusunga chinsinsi chanu. Legal Aid South Africa imathandiza kwaulere anthu opeza zochepa, ngakhale si onse. Ngati m'nyumba muli kumenyana, chikalata chokutetezani chimatengedwa ku khothi la majisitireti osalipira, ndipo chikhoza kutetezanso ana.

Inu amene mwasiyana chaka chino ndipo mukadali kulankhulana, ino ndiyo nthawi yake. Tengani satifiketi ya mwana, kabuku ka kusikelo ndi lipoti la kusukulu, mupite nonse awiri kwa Family Advocate, mukalembe mgwirizano matikiti a Disembala asanagulidwe.