Kabokosi kachitsulo ka m'foni mwanu kali ndi ntchito

Mukatsegula foni, wailesi kapena TV, mumapeza timabokosi tachitsulo tonyezimira titawotchereredwa pa bodi. Makasitomala anga ambiri amaganiza kuti opanga anatiika dala kuti ife okonza tisaone zam'kati. Sichoncho ayi. Kabokosi kameneka, komwe timakatcha shield, ndi chiwalo cha chipangizocho, ndipo ndikufuna mudziwe chifukwa chake timakachotsa mosamala komanso chifukwa chake kayenera kubwerera pamalo pake.

Tizipangizo ta pa bodi timatulutsa mafunde a magetsi tikamagwira ntchito. Gawo lolandira netiweki limatchera khutu ku mafunde ofooka kwambiri ochokera pa nsanja yomwe ili kutali, pomwe pambali pake purosesa ikuchita phokoso lake. Chitsulo chozinga gawolo, cholumikizidwa ku ground ya bodi, chimatchinga phokoso lakunja kuti lisalowe, ndi lam'kati kuti lisatuluke. Michael Faraday anaonetsa zimenezi mu 1836 ndi chipinda chokutidwa ndi chitsulo, ndipo mpaka lero mfundo yake ndi yomweyo.

Vuto limabwera chokonzedwa chikakhala m'kati. Ndisanayatse chilichonse ndimayamba ndaona m'mene kabokosiko kanapangidwira. Tina tili ndi chivindikiro chongopanikiza pa felemu, ndipo chimatseguka popanda moto. Tina ndiye towotcherera mbali zonse, ndipo apa ndi pamene luso limaonekera.

Chitsulo chimamwa kutentha. Pansi pakenso pali mkuwa wambiri wa ground, womwe umamwaza kutenthako bodi yonse. Kugwiritsa ntchito soldering iron yaing'ono pamenepa kuli ngati kuwiritsa mphika wa pamaliro ndi moto wa mapesi. Solder wakale, wosakaniza tin ndi mtovu, amasungunuka pa madigiri 183. Koma kuyambira mu 2006, pamene lamulo la RoHS linayamba kugwira ntchito m'maiko a European Union, zipangizo zambiri zimabwera ndi solder wopanda mtovu, yemwe amafuna madigiri pafupifupi 217. Choopsa n'chakuti tizipangizo ta m'katimo tinagwidwa ndi solder yemweyo. Nthawi yomwe kabokosi kakumasuka, natonso timakhala titamasuka. Dzanja likanjenjemera pang'ono, kachipangizo kochepa kuposa njere ya mchenga kamasuntha, ndipo foni yomwe inabwera ndi vuto limodzi imabwerera ndi awiri.

Pa tuner ya TV kapena timabokosi ta m'wailesi, ndimagwiritsa ntchito soldering iron ya mlomo waukulu. Ndimapaka flux, kenaka ndimayamwitsa solder ndi chingwe cholukidwa cha mkuwa, mwendo umodzi umodzi mpaka yonse itamasuka. Pa foni ndimayamba ndachotsa batire, ndikuphimba mapulasitiki oyandikana nawo ndi tepi ya Kapton yomwe imapirira moto. Bodi ndimaitenthetsa pang'onopang'ono kuchokera pansi, kenaka ndimayendetsa mpweya wotentha mozungulira m'mphepete, osaima pamalo amodzi. Solder akanyezimira mbali zonse, ndimanyamula kabokosiko molunjika m'mwamba. Sinditekenya ndi mpeni kapena sikuludiraiva, chifukwa mphamvu imang'amba tinjira tamkuwa ta pa bodi, ndipo bala lotere ndi lovuta kuchiza.

Bodi ikakhala yosalimba pa moto, pali njira ina. Ndimasakaniza solder wa bismuth, wosungunuka pa madigiri 138, ndi yemwe ali kale pa bodiyo kuti zonse zimasuke msanga. Koma pomaliza ayenera kuchotsedwa yense, chifukwa ndi wofooka ndipo amathetheka foni ikagwa.

Kutseka ndi kumene anthu ambiri amanyozera. Ndimawongola chitsulocho ngati chapindika, ndimatsuka flux wotsala ndi isopropyl, ndipo ndimayang'ana pa galasi lokulitsa ngati m'katimo mulibe kadontho ka solder kongoyendayenda, komwe tsiku lina kangagunditse magetsi. Ndimagwiritsa makona awiri oyang'anizana kaye kuti kabokosi kakhale bwino, kenaka ndimawotcherera malo onse omwe opanga anawotcherera. Mpata wosiyidwa m'mphepete umalowetsa mafunde. Timabowo ta pamwamba tokha ndi tomwe sinditseka, poti tinapimidwa kale kuti titulutse kutentha popanda kulowetsa phokoso.

Pali timabokosi tina tomwe sititsegula n'komwe. Crystal, yomwe imasunga kugunda kwa nthawi m'chipangizo, imatsekedwa mulibe mpweya kapena muli nitrogen. Ikalowa chinyezi ndi fumbi, yatha. Imeneyi timangosintha yonse.

Kwa achinyamata omwe mukuphunzira ntchitoyi m'mashopu ndi m'misika yathu, gwirani ntchito pamalo popita mphepo chifukwa utsi wa flux umapweteka chifuwa, ndipo sambani m'manja musanadye chifukwa mtovu ndi poizoni. Koposa zonse, musataye shield poganiza kuti foni yayaka ndiye basi. Idzayaka ndithu, koma mwini wake angayambe kuvutika ndi netiweki yodukaduka osadziwa gwero lake. Nanunso eni mafoni, polandira katundu wanu funsani wokonza ngati anabwezeretsa zitsulo zonse zomwe anachotsa. Mmisiri weniweni sakhumudwa ndi funso lotere.