Lilongwe iphunzire ku Chipoka

Anthu akamandifunsa za sitima zamagetsi zoyenda m'kati mwa mzinda, ngati zomwe zidayamba ku Addis Ababa mu 2015, ndimawauza kuti ayambe aona Chipoka. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima idafika kuno ku Chipoka mu 1935, ndipo idadutsa pafupi ndi nyanja kuti katundu wotsika m'sitima yapamtunda akwere yapamadzi. Omangawo adayamba adziwa komwe anthu ndi katundu akulowera, kenako n'kuyala zitsulo.

Nzeru yoyamba kukonzekerayi ikufunikanso ku Lilongwe. Mzindawu ukukula mofulumira, maminibasi akuthinana m'mawa uliwonse. Ngati tikufunadi sitima zamagetsi zija, khonsolo ya mzindawo isungiretu malo odzadutsa njanji panopa, nyumba zisanadzaze. Kudzagwetsa nyumba ndi kulipira chipukuta misozi kudzatidyera ndalama zambiri.