Ku Vilankulo nyanja imachoka n'kubweranso

Ndinakulira ku Mangochi, ndipo pa nkhani ya madzi ndinkadziyesa katswiri. Matama amenewa anathera ku Vilankulo, tawuni ya m'mphepete mwa nyanja yamchere ya Indian Ocean, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique.

Ulendo wa pamsewu ndi wotopetsa. Kuchoka ku Blantyre timatulukira pa chipata cha Mwanza, kuwoloka Zambezi ku Tete, kudutsa Chimoio mpaka pa Inchope pomwe pali msewu waukulu wa EN1 wolowera kummwera. Ukawoloka mtsinje wa Save ndiye kuti wayandikira. Ife zinatitengera masiku awiri, ndipo tinafika usiku tikungomva mkokomo wa mafunde.

Kutacha ndinathamangira kugombe, koma nyanja kunalibe. Ngalawa zinali zitagona cham'mbali pamchenga, amayi ali kutali akutola nkhanu ndi nkhono pamalo pomwe usiku panali madzi. Kwathu nyanja imatsika pang'onopang'ono m'chilimwe n'kudzakwera ndi mvula. Kuno imaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu ya mwezi yomwe imakoka madzi, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tinapangana ndi mwini ngalawa ina ya thanga kuti mawa lake atiwolotsere ku chilumba cha Magaruque, ndipo anatiuza kuti tifike 6 koloko m'mawa. Ife tinayamba tamwa tiyi mosatekeseka n'kufika cha m'ma 8. Tinapeza ngalawa ili pamtunda, madzi atapita. Bamboyo sanakalipe. Anangotilozera mchengawo n'kunena kuti tibwerenso mawa, koma cha m'ma 7. Tsiku lathunthu linatayika, pamodzi ndi ndalama ya malo ogona yomwe sitinaiwerengere.

Mawa lake tinafika iye asanafike.

Zilumbazi zilipo zisanu: Bazaruto, chomwe ndi chachikulu pa zonse, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi kena kakang'ono ka Bangué. Derali linakhazikitsidwa kukhala malo otetezedwa m'chaka cha 1971, choncho mlendo aliyense amalipira kuti alowe. Magaruque ndi chapafupi ndi tawuni, ndipo ndi chomwe munthu wa thumba lopepuka angakwanitse. Madzi ake ndi oyera moti nsomba zamawangamawanga umaziona ukadali m'ngalawa, ngati mbuna za ku Cape Maclear. Kusiyana kwake n'kwakuti ukameza madziwo pakhosi pamawawa, ndipo ukatuluka thupi limayera ndi mchere.

Ku Bazaruto tinapita tsiku lina pa boti la injini. Kumeneko kuli milu ya mchenga yotalika ngati mapiri. Kukwera kwake n'kwa thukuta chifukwa phazi limabwerera m'mbuyo, koma ukafika pamwamba umaona nyanja mbali zonse, ndi tinyanja ta madzi opanda mchere mkati mwa chilumbacho, momwe mumakhala ng'ona. Mahotela a pazilumbazi amawerengera mitengo m'madola. Ambirife timagona m'tawuni, n'kumapita m'mawa kubwerako madzulo.

Chomwe ndinkafunitsitsa kuona ndi nyama yotchedwa dugong. Si nsomba ayi: imayamwitsa ana, imapuma mpweya ngati mvuu, koma ilibe miyendo ndipo imadya udzu womera pansi pa nyanja. M'gombe lonse la kummawa kwa Africa, Bazaruto ndi komwe kwatsala gulu looneka la nyamazi. Mdani wake wamkulu ndi ukonde, chifukwa ikakodwa imalephera kukwera kukapuma n'kufa. Tinazimitsa injini n'kudikira nthawi yaitali pamalo pomwe zimakonda kudyera. Sitinaione. Anatipepesa ndi ma dolphin omwe anatiperekeza pobwerera.

Kuyambira mu 2017 malowa akuyendetsedwa ndi boma la Mozambique mogwirizana ndi bungwe la African Parks, lomwe lija likusamalira Majete, Liwonde ndi Nkhotakota kuno kwathu. Koma pazilumbazi si tchire lopanda anthu. Pali midzi ya asodzi omwe makolo awo anakhalapo kalekale, ndipo lamulo lililonse loletsa mtundu wina wa ukonde limafika mpaka m'mbale ya ndiwo ya banja. Mwini ngalawa wathu uja nayenso anali msodzi. Masiku ano amadalira alendo, ndipo akasowa, monga m'miyezi ya mvula, amabwerera ku nsomba. Ndinakumbukira kwathu, komwe nyanja imatsekedwa kumapeto a chaka kuti chambo chiswane, koma ena amapitabe usiku, enanso n'kumakokera ndi masikito. Kuletsa kokha sikukwanira ngati msodzi alibe pena pogwira. Ndalama ya mlendo ikamathera m'hotela osafika kwa mwini bwato, ukonde udzabwereranso m'madzi.

Pa chakudya Mmalawi sangadandaule. Nsima iliko, amaitcha xima. Ndiwo yotchuka ndi matapa, chomwe ndi chigwada chathu chomwechi chotendera, koma amawonjezamo mkaka wa kokonati ndipo nthawi zina nkhanu. Chinenero ndiye chimavuta: anthu amalankhula Chitswa ndi Chipwitikizi, choncho pamsika tinkatsitsana mitengo ndi zala.

Amene mukufuna kukafikako, sankhani miyezi ya pakati pa Meyi ndi Okotobala. Nyengo ya mvula imabwera ndi anamondwe, ndipo mu Febuluwale 2007 wina wotchedwa Favio anagumula nyumba zambiri m'tawuniyi. Tengani ndalama ya metical yokwanira, chipewa ndi madzi akumwa. Lipirani eni ngalawa a komweko mosawafinya mtengo. Ndipo akakuuzani kuti 6 koloko, tiyi mukamwere pachilumba.