Ogulitsa mabuku opanda mashelufu

Pa mayunivesite a m'Malawi, amene amafikitsa zowerenga m'manja mwa ophunzira ambiri ndi munthu wa makina a fotokope, osati wa m'sitolo ya mabuku. Kaya ndi ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu, makinawa amalira kuyambira m'mamawa, ndipo ntchitoyi ili ndi luso lake. Wophunzira amatumiza fayilo pa WhatsApp kapena kubwera ndi fulashi, tsono wosindikiza ayenera kudziwa kupanikiza masamba awiri pa pepala limodzi kuti mtengo utsike koma zilembo zizionekabe, kusolola pepala lokakamira m'makina osaling'amba, ndi kuboola m'mphepete n'kumanga bwinobwino. Inki ikayamba kutha amatulutsa katiriji n'kuigwedeza kuti ifike madzulo. Nyengo ya mayeso ndiyo yokolola. Tchuthi chikafika kapena magetsi akazima, ndalama ya lendi imafunikabe.

Ntchitoyi yakula chifukwa buku latsopano ladula. Mabuku ambiri a zaudokotala, zamalamulo ndi zauinjiniya amachokera kunja, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wa sitolo akaitanitsa buku lotere limangogona pa shelufu, pakuti wophunzira wodalira ngongole ya boma sangasiye chakudya ndi lendi kuti aligule. Nayo laibulale imakhala ndi makope owerengeka, ndipo ya pa yunivesite ya ku Mzuzu inapsa mu Disembala 2015.

Ena amati anthu a makina a fotokopewa akudya thukuta la alembi, ndipo mfundo yawo ndi yomveka. Buku losindikizidwa ndi Kachere Series kapena Mzuni Press likajambulidwa lonse, nthawi zambiri amene waluza ndi Mmalawi mnzathu amene analilemba movutikira. Komabe kutseka makina sikungachititse wophunzira kugula buku. Angoliwerenga pa foni, pomwe mlembi sapezaponso kanthu. Njira ilipo kale: bungwe la COSOMA limapereka ziphaso zojambulira n'kugawira alembi ndalama zake, ndipo dziko lili ndi lamulo la umwini wa zolemba la 2016. Yunivesite ikalipira chiphaso chotere n'kulembetsa onse ojambula pa sukulupo, wa makina akhoza kugwira ntchito poyera, mitu ya buku n'kumajambulidwa mwa malire, ndipo makampani osindikiza mabuku a m'dziko muno angadziwe mabuku amene akufunidwa kwambiri kuti awatulutse otsika mtengo.