Oyilo wa galimoto yakale: wodula si ndiye woyenera

M'misewu mwathu mukuyendabe ma Peugeot 504, ma VW Beetle ndi ma Land Rover a Series III, omwe adapangidwa pakati pa 1971 ndi 1985. Ena amazisunga ngati chikumbutso cha makolo, koma m'madera ena galimoto yotereyi ndiyo imathamangira ndi wodwala kuchipatala usiku. Zitsulo zake n'zosowa, ndiye injini ikafa, galimotoyo imathera pamiyala kuseri kwa nyumba. Chimodzi mwa zinthu zomwe zimapha injini zoterezi mwakachetechete ndi oyilo wosayenera.

Manambala a pachigubu

Pachigubu cha oyilo pamalembedwa manambala monga 0W-20 kapena 20W-50. Chilembo W chikuimira nyengo yozizira. Nambala yoyamba imasonyeza momwe oyilo amayendera injini isanatenthe, pomwe yachiwiri imasonyeza kukhuthala kwake akatentha kufika madigiri 100. Nambala ikamakula, oyilonso amakhala wokhuthala.

Injini zakale zidapangidwa ndi mipata yokulirapo pakati pa zitsulo, ndipo mipatayo imawonjezereka ndi zaka. Oyilo wamadzimadzi ngati 0W-20, yemwe ndi wa galimoto zamakono, amapulumuka m'mipatamo. Mphamvu yomukankha imatsika, zitsulo zimayamba kukhudzana, ndipo wina amapsa n'kutuluka ngati utsi wabuluu. N'chifukwa chake injini zambiri za petulo za nthawiyo zimayenda bwino ndi 20W-50, makamaka kotentha ngati ku Chikwawa ndi Nsanje. Komabe kukhuthala kukanyanya, oyilo amachedwa kufika kumtunda kwa injini poliza m'mawa. Buku la galimotoyo ngati lilipo, litsatireni.

Nkhani ya zinki

M'injini zakale zambiri, chitsulo chotsegula mavavu, chomwe amakaniko amati kamshafuti, chimakhuzana mwamphamvu ndi timitu tafulati ta matapeti. Chomwe chimateteza malo amenewa ndi mankhwala otchedwa ZDDP, okhala ndi zinki ndi fosiforasi, omwe adayamba kuthiridwa mu oyilo m'zaka za m'ma 1940. Akatentha amapanga kachikopa kopyapyala pamwamba pa chitsulo kuti chisadyeke.

Vuto ndi lakuti fosiforasi amawononga chipangizo chosefa utsi chomwe chili m'galimoto zamakono. Kuyambira 2004, pomwe bungwe la API ku America lidatulutsa muyezo wa SM, fosiforasi mu oyilo wamadzimadzi sayenera kupyola magawo 800 pa miliyoni. Kotero oyilo wodula, wabwino kwa galimoto yatsopano, atha kudyetsa kamshafuti wa galimoto yakale. Funsani oyilo yemwe walembedwa kuti ali ndi zinki wokwanira. Pewani kugula timabotolo ta zinki n'kumathira mongoyerekeza, chifukwa akachuluka nayenso amawononga zitsulo.

Onaninso chilembo cha API: S ndi wa petulo, C ndi wa dizilo. Oyilo wogulitsidwa m'mabotolo osamata m'mbali mwa msewu musamudalire, pakuti simungadziwe chomwe chili m'katimo.

Kusintha pa nthawi yake

Ma VW Beetle akale alibe fyuluta yeniyeni, ali ndi kasefa kawaya chabe, ndiye oyilo wake amafunika kusintha pa makilomita 5,000 aliwonse. Ngakhale galimoto yongokhala, sinthani kamodzi pachaka, chifukwa chinyezi ndi asidi zimaunjikana mu oyilo n'kuyambitsa dzimbiri.

Oyilo wakuda ndi poizoni

Eni galimoto zakale ambiri amasintha okha oyilo pabwalo la nyumba, pomwe ana amasewera. Oyilo wotha ntchito amakhala ndi tizidutswa ta zitsulo komanso mankhwala ochokera ku mafuta opsa, omwe angayambitse khansa ya pakhungu akamakhudza thupi kwa zaka zambiri. Valani magolovesi, ndipo mukamaliza sambani ndi sopo, osati petulo kapena palafini. Oyilo wakuda si mankhwala a chilonda, zipere kapena matekenya: amalowetsa litsiro m'bala n'kuchedwetsa kupola.

Musamusunge m'botolo la zakumwa, chifukwa mwana sasiyanitsa. Mwana akamwa oyilo, musamusanzitse. Masanziwo atha kulowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Thamangani naye kuchipatala mutanyamula botololo, ngakhale akuwoneka bwino, chifukwa kutsokomola ndi kubanika zitha kuyamba patapita maola angapo.

Musamuthire m'ngalande, m'chimbudzi kapena pafupi ndi mjigo. Msungeni m'chigubu chotseka, pamalo osafika ana, ndipo funsani kugaraja ngati amalandira. Poyesa injini mukatha kusintha oyilo, lizani galimoto panja. Utsi wa injini yakale uli ndi mpweya wambiri wa carbon monoxide, womwe suwoneka kapena kununkha koma umapha m'chipinda chotseka.