Masiku Atatu ku Istanbul ndi Thumba Lopepuka

Gawo Loyamba

Kwa zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuima pamaso pa ophunzira, choko chili m'manja, n'kumajambula pa bolodi kamtunda konga chala chachikulu, kozingidwa ndi madzi mbali zitatu, ndipo pamwamba pake ndimalembapo dzina lakuti Constantinople. Ndinkawauza anawo za mafumu a mzindawo, za malinga ake, ndi za kugwa kwake m'chaka cha 1453, monga ngati ndidaziona ndi maso angawa. Koma akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo zonse zimene ndinkaphunzitsazo zidali zondimverera ena. Motero pamene ndidaitanidwa ku msonkhano wa aphunzitsi mumzinda womwewo, umene lero umatchedwa Istanbul, m'mwezi wa Ogasiti 2024, ndidapempha kuti ndifike masiku atatu msonkhano usanayambe. Oitanawo adavomera, koma adanenetsa kuti masiku atatuwo ndidzadzionera ndekha.

Aphunzitsi anzanga akudziwa kutalika kwa mwezi wa mphunzitsi, choncho sindichita kufotokoza. Ndidasonkhanitsa tindalama timene ndidasunga, ndidagulitsa matumba asanu a chimanga, ndipo nditalipira malo ogona ndidatsala ndi ma euro 70. Ndidawagawa motere: 10 zoyendera, 30 za chakudya cha masiku atatu, ndi 30 zolowera m'malo oonerera. Mkazi wanga adandisokera kathumba m'kati mwa malaya, nati, "Bambo a ana, mukataya izi musadzatiuze kuti kudali akuba, tidzadziwa kuti mudayang'ana kumwamba nthawi yaitali."

Ndidafika madzulo kudzera ku Addis Ababa. Bwalo la ndege la Istanbul, limene lidatsegulidwa mu 2018, lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku mzinda wakale. Amatakisi adali kundikodola, koma ine ndidagula kakhadi kotchedwa Istanbulkart, kamene munthu amathiramo ndalama n'kumakwerera basi, sitima yapansi pa nthaka, sitima yoyenda mumsewu, ngakhalenso sitima ya pamadzi. Ndidagona ku Sirkeci, m'chipinda cha mabedi asanu ndi limodzi, pamodzi ndi anyamata a mayiko ena amene adali kulizana mkonono m'zinenero zosiyanasiyana. Mwini nyumbayo atamva za ntchito yanga adayamba kunditchula kuti "Hocam", kutanthauza kuti mphunzitsi wanga, pakuti anthu a ku Turkey amalemekeza dzina limeneli.

Mbandakucha ndidadzutsidwa ndi mawu oitanira anthu ku mapemphero, ochokera m'mizikiti yambiri nthawi imodzi, wina akuyamba pamene mnzake ali pakati. Ndidagula simit, buledi wozungulira ngati nkhata wowazidwa chitowe, ndi tiyi wopanda mkaka wa m'kagalasi kopyapyala m'chiuno. Chakudya chimenechi n'chimene chidandisunga masiku onse atatu.

Malo oyamba amene ndidapitako salipiritsa, ndipo alibe ngakhale chipata. Ndi bwalo lalitali la Sultanahmet, limene kale lidali Hippodrome, kumene Aroma ankachitira mpikisano wa magaleta okokedwa ndi akavalo. Pakati pa bwalolo paima chipilala cha mwala umodzi wofiirira, cholembedwa zilembo za Aigupto. Mwala umenewu ndi wa kwathu kuno ku Africa. Adausemetsa ndi Farao Thutmose III zaka zoposa 1,400 Yesu asanabadwe, ndipo Mfumu Theodosius I adauimika pano m'chaka cha 390. Ndiye kuti tsiku limene unkaimikidwa mumzindawu udali kale ndi zaka zoposa 1,800. Chapafupi pali chipilala china cha mkuwa, chopotana ngati chingwe, chimene chidali njoka zitatu zolukana koma mitu yake idathyoka. Agiriki adachipanga pokumbukira kugonjetsa kwawo Aperezi ku Plataea m'chaka cha 479 Yesu asanabadwe, ndipo chidachotsedwa ku Delphi kudzakongoletsa mzinda watsopano wa Mfumu Constantine, umene udatsegulidwa m'chaka cha 330. Ndidazindikira pamenepo kuti mzindawu udayamba ndi kudzikongoletsa ndi zakale za eni.

Ana adali kuthamangitsa nkhunda ndipo amphaka adali kuwothera dzuwa pa mipando, koma bwalo lomwelo lidamwapo magazi. M'chaka cha 532 anthu a mumzindamo adaukira Mfumu Justinian, natentha nyumba zambiri pamodzi ndi tchalitchi chachikulu. Asilikali a mfumu adawatsekera m'bwaloli ndipo olemba mbiri amati anthu pafupifupi 30,000 adaphedwa. Pa phulusa la tchalitchi chotenthedwacho m'pamene Justinian adamangapo Hagia Sophia, imene ndidali kuiona patsogolo panga, yofiirira, yolemera, ngati phiri lomangidwa ndi manja.

Sindidalowemo tsiku limenelo. Ndidatembenukira ku mzikiti wa Sultan Ahmed, umene wayang'anizana nayo ndipo salipiritsa. Udamangidwa kuyambira 1609 kufikira 1617, uli ndi nsanja zisanu ndi imodzi, ndipo m'kati mwake makoma adakutidwa ndi matailosi oposa 20,000 ochokera ku İznik, a maluwa obiriwira monga thambo. Mlendo amavula nsapato n'kuzinyamula m'kathumba, amayi amafunda kumutu, ndipo nthawi ya mapemphero oonerera amadikira panja. Ndidakhala pa kalipeti kwa theka la ola, khosi lili chagada, monga momwe mkazi wanga adaneneratu.

Tsoka lidandipeza madzulo pa mlatho wa Galata, pamene amuna mazana amaima ndi mbedza tsiku lonse. Kutsogolo kwanga kudali kuyenda bambo wina wopukuta nsapato, bokosi lake lili paphewa, ndipo burashi yake idagwa pansi iye osatembenuka. Ndidaitola n'kumuthamangira. Adandigwira dzanja ndi manja awiri, nandithokoza ngati ndamupulumutsira mwana, nati sangandilole kuchoka asanandipukutire nsapato. Ndidakana kawiri, kachitatu ndidaika phazi pabokosi. Popukutapo adandiuza za ana ake ndi za matenda a kunyumba kwake. Atatsiriza adatambasula dzanja, natchula mtengo umene kwathu ungagule nsapato zina. Nkhope ya kuthokoza ija idali itachoka, ndipo mnzake adali ataima kumbuyo kwanga. Manyazi a mlendo adandigwira. Ndidapereka ndalama zokwana ma euro 10.

Nditamufotokozera mwini nyumba uja, adaseka mpaka kugwira m'mimba, kenaka adandithirira tiyi waulere. "Hocam," adatero, "burashi imeneyo imagwa kakhumi pa tsiku. Mukadandifunsa m'mawa ndikadakuchenjezani." Safunsa adadya phula, ndipo ine ndidadya phula la nsapato. Koma kuti tinene chilungamo, pa anthu onse amene ndidakumana nawo mumzindawo wondichenjerera adali mmodzi yekhayo. Ondilozera njira, ena mpaka kundiperekeza, sindingawawerenge.

Usiku umenewo ndidayala ndalama zanga pabedi. Malo aakulu olipiritsa adali atatu. Oyamba ndi nyumba yachifumu ya Topkapı, mmene mafumu a Ottoman adakhalamo zaka pafupifupi 400. Achiwiri ndi Yerebatan, nkhokwe ya madzi yapansi pa nthaka imene idamangidwa m'nthawi ya Justinian, yochirikizidwa ndi nsanamira 336, kuti mzinda usafe ludzu adani akauzinga. Achitatu ndi Hagia Sophia, imene mu Januwale 2024 alendo akunja adayamba kulipira ma euro 25 kuti aione. Thumba langa likadatsegula khomo limodzi lokha, ndipo ngakhale limodzilo lidafuna kuti chakudya cha masana chichotsedwe pa masiku awiri otsalawo. Mapanga awiri avumbwitsa. Ndidadzifunsa kuti: kodi ndi malo ati amene ndikapanda kuwaona ndidzachita manyazi poima pamaso pa ophunzira anga? Yankho silidachedwe.

M'mawa mwake ndidaima pamzere dzuwa lisanakwere. Alendo oonerera amakwera ku khonde la m'mwamba, pakuti pansi ndi pa opemphera. Nditafika m'mphepete mwa khondelo n'kuyang'ana m'kati, ndidaiwala za njala ndi za burashi. Denga lake lobulungira lili pa msinkhu wa mamita pafupifupi 55, m'mimba mwake ndi mamita oposa 30, ndipo m'munsi mwake mwazungulira mazenera 40. Kuwala kolowera m'mazeneramo kumabisa zochirikiza, kotero kuti dengalo limaoneka ngati silidakhale pa kanthu. Amisiri ake, Anthemius wa ku Tralles ndi Isidore wa ku Miletus, adali akatswiri a masamu, ndipo ntchito yonse idatha m'zaka zosakwana zisanu ndi chimodzi, kuchokera mu 532 kufika mu 537. Komabe denga loyambalo lidagwa m'chaka cha 558 zivomezi zitaligwedeza, ndipo adalimanganso lokwererapo kuti kulemera kwake kuzitsikira pansi, kusamakankhe makoma. Ophunzira amene adalepherapo mayeso aisunge mfundo imeneyi: denga limene anthu akuligomera lero ndi la kuyesa kwachiwiri.

Mbiri ya nyumbayi yalembedwa pa makoma ake. Idali tchalitchi kwa zaka zoposa 900. Mu 1204 idafunkhidwa, osati ndi Asilamu, koma ndi ankhondo achikhristu ochokera kumadzulo kwa Ulaya. Sultan Mehmed II atalanda mzindawu pa 29 Meyi 1453 adaisandutsa mzikiti. Boma la Mustafa Kemal Atatürk lidalamula mu 1934 kuti ikhale nyumba yosungiramo zakale, ndipo mu 2020 idabwereranso kukhala mzikiti. Motero maso amaona pamodzi zithunzi za Yesu ndi Mariya zopangidwa ndi timiyala tagolide, ndi zikwangwani zikuluzikulu zozungulira zolembedwa m'Chiarabu dzina la Allah ndi la Mtumiki Muhammad. Aliyense amene adailanda adasintha mapemphero a m'katimo, koma padalibe ndi mmodzi yemwe amene adalimba mtima kuigwetsa.

Chimene chidandiseketsa ndi kanthu kakang'ono. Pa mwala wa m'mphepete mwa khondelo pali zilembo zokanda za anthu a kumpoto kwa Ulaya, otchedwa ma Viking, zimene zakhalapo zaka pafupifupi 1,000. Chowerengeka ndi dzina lakuti Halfdan, ndipo akatswiri amaganiza kuti adali msilikali waganyu wolondera mfumu. Ine amene ndalanga ana ambiri chifukwa cholemba mayina awo pa madesiki ndidaima nthawi yaitali pamenepo. Mafumu ambiri amene adavekedwa ufumu m'nyumbayi adaiwalika, koma mlonda wotopa ndi mapemphero aatali akuwerengedwabe. Ophunzira anga asatengerepo chilolezo, chilango chikadalipo.

Tsiku lachitatu m'thumba mudatsala za simit ndi tiyi, ndiponso tindalama tochepa m'kakhadi kaja. Mwini nyumba adati, "Hocam, kwerani sitima ya ku Üsküdar. Musakwere za alendo zodula zija. Kwerani imene timakwera ife popita ku ntchito." Ndidakwerera pa Eminönü, pakati pa amayi onyamula zogula ndi anyamata ogona chokhala. M'mphindi zosapitirira 20 ndidachoka ku Ulaya n'kuponda nthaka ya Asia, pa mtengo wochepa kuposa umene ndidalipira pa mbali imodzi ya nsapato imodzi.

Pa ulendo waufupiwo m'pamene ndidamvetsa chinthu chimene ndakhala ndikuchiphunzitsa osachimvetsa. Ndili pakati pa madzi ndidaona njira zitatu zikukumana. Kumpoto kudali Bosphorus, mpata wa makilomita pafupifupi 30 wotulukira ku Black Sea, ndipo zombo zikuluzikulu za katundu zidali kudutsamo motsogozana. Kumwera kudali nyanja ya Marmara, yolowera ku Mediterranean. Kumbuyo kwanga kudali Golden Horn, mkono wa nyanja wolowa kumtunda, doko lobisika ku namondwe, limene pakamwa pake ankatsekapo ndi unyolo pa nthawi ya nkhondo. Pakati pa zonsezi padali kamtunda kaja ndimajambula pa bolodi. Wokhala pamenepo amagwira khosi la malonda onse a pamadzi ochokera kumpoto kupita kumwera, ndi a pamtunda ochokera ku Asia kupita ku Ulaya, pamene iye mwini akufunika linga mbali imodzi yokha. Constantine adagonjetsa Licinius m'chaka cha 324 ku Chrysopolis, ndiye Üsküdar yemweyo kumene ndinkapita, ndipo patsidya pake m'pamene adasankha kumangapo likulu lake. Likulu la dziko la Turkey lidasamukira ku Ankara mu 1923, koma mzindawu sudafote, pakuti chimene chidaubala ndi malo ake. Lero muli anthu oposa 15 miliyoni.

Ndidakhala pa gombe la Üsküdar kufikira dzuwa litalowa kuseri kwa nsanja za mizikiti, tiyi wanga wotsiriza ali m'manja. Nyumba ya Topkapı ndidaionera patali, ndipo nsanamira 336 zija ndikuzidziwabe mwa kuwerenga kokha. Sindinganame kuti sizindiwawa. Koma ndikadakhala ndi ndalama zambiri ndikadakwera takisi kuchokera pa khomo lina kupita pa lina, ndipo sindikadaima pakati pa madzi aja. Kwa inu amene mwangotsiriza sukulu ndipo mukuona ngati dziko lidatsekedwa kwa osauka, ndikuti: funsani eni mudzi musanayende, dziwani chinthu chimodzi chimene mwadzera ndipo mulipire chimenecho mosanyinyirika, zotsalazo yendani pansi ndi maso otsegula. Burashi ikagwa patsogolo panu, muitane mwini wake aitole yekha.

M'gawo lotsatira ndidzakutengerani ku malinga a Theodosius II, amene adamalizidwa m'chaka cha 413 ndipo adatchinjiriza mzindawu zaka zoposa 1,000, kuti tikaone mmene mnyamata wa zaka 21 adawagonjetsera m'masiku 53. Kumenekonso ndidapita wapansi.